PAKHONDE LA MADRASA: Mankhwala Omana Khansa Chakudya

 

Nkhani ya ulendo uno yachokera pamkeka wa madrasa yathu kuno ku Nkando. Pali mnyamata wina wa zaka 7, wa liwu lakuthwa powerenga, amene ankakonda kukhala kutsogolo. Mnyamatayu anayamba kujomba. Akabwera ankangosinza, zikhatho zitayera mbee! Kenaka kunabwera kutentha thupi kosatha, kamfuno ndi kuphwanya kwa miyendo. Makolo ake anayamba aganiza za malungo monga tonse tikanaganizira. Atamuyeza magazi ku Mulanje anamutumiza ku Blantyre, ku chipatala cha Queen Elizabeth chimene timachitcha Gulupu, ndipo kumeneko anamupeza ndi khansa ya m'magazi.

Patapita masabata atatu bambo ake anandipeza titangomaliza swala ya Ijumaa. "Mwalimu, ndili ndi funso," anatero. "Adokotala atiuza kuti jakisoni wina amene akumubaya mwana amapha khansa ndi njala, akuti amailanda chakudya. Tsono atsibweni ake a mwana akuti ngati zili choncho, ife tikulakwa kumupititsira usipa ndi mazira, tikunenepetsa matenda. Akuti timusiyire phala lamadzi basi, ndipo Ramadhani ikakwana afunge nawo kuti khansayo ife msanga. Kodi Chisilamu chikuti bwanji?"

Ndinawayankha pomwepo kuti mwana asamanidwe chakudya ngakhale tsiku limodzi. Koma atsibweni ndiwo mwini mbumba, ndipo munthu wotere sangomuuza kuti "ayi" popanda chifukwa. Paja safunsa anadya phula. Ndinakafunsa kwa odziwa zachipatala ndi kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikukutulirani lero, pakuti funso limeneli lingafike pakhomo pa aliyense wa ife.

ZILEMBO 20 ZA THUPI

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Selo iliyonse, kuti ikhale ndi moyo, ikule ndi kugawikana, imayenera kupanga mapuloteni tsiku ndi tsiku. Mapuloteniwo amalumikizidwa kuchokera ku tizidutswa totchedwa ma amino asidi, ndipo mitundu yake ilipo 20.

Mwana wa pamadrasa amvetsa msanga. Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo ndi zomwezo timalemba mawu onse. Tsono tayerekezani kuti wina wachotsa chilembo chimodzi, tinene Laam, nanena kuti lembani tsamba lonse. Mulemba pang'ono n'kuima, chifukwa Miim kapena Nuun sangalowe m'malo mwa Laam. Ndi mmenenso selo imachitira. Amino asidi mmodzi akasowa, puloteni imathera panjira ngakhale ena 19 aja atadzaza tho.

Mwa 20 aja, 9 thupi silingathe kuwapanga, motero timawapeza m'zakudya monga nsomba, nandolo, nyemba, mtedza, mazira, mkaka ndi nyama. Enawo 11 thupi limatha kudzipangira lokha. Mmodzi wa 11 amenewa ndi asparagine. Dzinali linachokera ku chomera cha mtundu wa katsitsumzukwa, pakuti ndi m'madzi a chomera chimenechi mmene akatswiri awiri a ku France, Louis-Nicolas Vauquelin ndi Pierre Jean Robiquet, anamupeza m'chaka cha 1806. Mankhwala amene tikukamba dzina lake ndi asparaginase. Mayina awiriwa ngofanana, tsono musawasokoneze: asparagine ndi chakudya cha maselo, asparaginase ndi mankhwala ophwanya chakudyacho.

KHOMO LA DIMBA NDI KHOMO LOGULA

Khansa imene mnyamata wathuyu anaipeza madokotala amaitcha acute lymphoblastic leukaemia, ndipo ndiyo khansa ya m'magazi imene imagwira ana kwambiri. Imayambira m'mafuta a m'mafupa, mmene magazi amapangidwa. Maselo oyera osakhwima amayamba kuswana mosalekeza, nadzaza malo onse mpaka maselo abwino kusowa pomera. N'chifukwa chake mwana amachepa magazi, amadwaladwala, amatuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama, ndipo amamva kuwawa m'mafupa. Matendawa sachokera kwa mfiti kapena majini, ndipo sapatsirana.

Koma Allah mwa nzeru Zake anaisiyira khansa imeneyi chilema. Selo yabwino ili ndi chida chake chopangira asparagine, chotchedwa asparagine synthetase. Maselo a khansa imeneyi chida chimenechi ali nacho chochepa zedi, motero amadalira asparagine woyenda m'magazi.

Taganizani makomo awiri kuno ku Nkando. Khomo loyamba lili ndi dimba lake kumadzi, ngakhale nthawi zina limagula ndiwo pamsika. Khomo lachiwiri lilibe dimba, ndiwo zonse n'zogula, ndipo ana ake ngambiri. Msika ukatsekedwa mwezi wathunthu, khomo loyamba livutika koma lidya za kudimba. Lachiwiri ligona ndi njala.

Asparaginase ndiye wotseka msika uja. Akalowa m'thupi salimbana ndi selo ya khansa maso ndi maso monga amachitira mankhwala ena. Iye amangoyenda m'magazi namaphwanya asparagine aliyense amene wakumana naye, kumusandutsa zinthu ziwiri, aspartic acid ndi amoniya. Pakapita nthawi yochepa asparagine m'magazi amatheratu. Maselo abwino amayamba kudzipangira wawo. Maselo a khansa amalephera kumaliza mapuloteni, amaleka kugawikana, kenaka amafota n'kufa. Ngakhale m'madzi ozungulira ubongo ndi msana, mmene mankhwalawa salowa, asparagine amatsika chifukwa gwero lake m'magazi laphwa. Mankhwalawa amaphwanyakonso pang'ono amino asidi wina wotchedwa glutamine.

Komatu khansa njochenjera. Maselo ena amaphunzira kulima dimba lawo, ena amabisala m'mafuta a m'mafupa namapemphako kwa maselo oyandikana nawo. N'chifukwa chake asparaginase saperekedwa yekha. Amayenda pamodzi ndi vincristine, prednisolone, methotrexate, mercaptopurine ndi ena, aliyense kumenya mbali yake, ndipo chithandizo chonse chimatenga zaka ziwiri kapena zitatu. Dziwaninso kuti mankhwalawa si a khansa iliyonse. Khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero, ya Kaposi, ndi ija ya Burkitt yotupitsa nsagwada za ana, zonsezi zili ndi chithandizo chake china.

NKHANI YA MBIRA

Mwina mudabwa kumva kuti mankhwalawa anadziwika kudzera mwa mbira, zomwe zija ana amaweta kukhitchini. M'chaka cha 1953 Dr John Kidd wa pa yunivesite ya Cornell ku New York anabaya mbewa zodwala khansa ndi madzi a m'magazi a mbira, ndipo zotupa zina zinaphwa. Atayesa ndi madzi a m'magazi a kalulu, kavalo ndi munthu, palibe chinachitika. M'chaka cha 1961 Dr John Broome anatulukira kuti chinsinsi chake chinali asparaginase, amene ali wochuluka m'magazi a mbira. Koma kuchiza mwana mmodzi kukanafuna mbira zosawerengeka. Mwayi unadza mu 1964 pamene akatswiri ena awiri, Mashburn ndi Wriston, anaonetsa kuti asparaginase wa mabakiteriya otchedwa E. coli nayenso amagwira ntchito, ndipo mabakiteriya amaswana msanga m'mafakitale. Boma la America linavomereza mankhwalawa mu 1978, ndipo mtundu wina wokhalitsa m'magazi, pegaspargase, linauvomereza mu 1994. Woyamba uja amabayidwa pakapita masiku awiri kapena atatu, pamene wachiwiriyu jakisoni mmodzi amagwira ntchito masabata awiri kapena kuposerapo.

Chenjezo, abale anga. Wina asamve nkhaniyi nathamangira kukazinga mbira kuti amwetse wodwala magazi ake. Choyamba, kumwa magazi ndi haraam. Chachiwiri, asparaginase nayenso ndi puloteni, ndipo akalowa m'chifu amagayidwa ngati ndiwo ina iliyonse. Ndicho chifukwa chake ngakhale kuchipatala saperekedwa womwa, koma wa jakisoni kapena dripi.

Nzeru yomana khansa amino asidi sinathere pomwepo. Khansa zina sizitha kupanga arginine. Mu 2024 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotsogozedwa ndi Professor Peter Szlosarek wa ku London, amene anayesa mankhwala ophwanya arginine pa khansa ya chikuto cha mapapo yoyamba ndi fumbi la asibesitosi, fumbi lomwe lija agogo athu ena anapuma m'migodi ya ku Zimbabwe ndi ku Joni. Odwala anaonjezerako moyo ndi mwezi ndi theka poyerekeza ndi anzawo. Phindu lake n'lochepa tikaliyika pambali pa zimene asparaginase wachitira ana.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Msika ukatsekedwa ngakhale makomo a madimba amamva kuwawa, makamaka aja ophika miphika yaikulu. M'thupi namonso ziwalo zopanga mapuloteni ambiri ndizo zimakhudzidwa, ndipo wodikira wodwala ayenera kudziwa zizindikiro zake.

Choyamba ndi chiwindi. Chimenechi chimapanga puloteni yosunga madzi m'mitsempha yotchedwa albumin, ndiponso mapuloteni oundanitsa magazi ndi ena oletsa magazi kuundana mopitirira. Zonsezi zimatsika. Mwana angathe kutupa mapazi, maso angachite chikasu, angatuluke magazi, kapena magazi angaundane m'mitsempha ya mwendo kapena ya mu ubongo. Mutu waukulu, kukomoka, kufooka mbali imodzi ya thupi, kapena mwendo umodzi kutupa, zimenezi n'zothamangira nazo kwa adokotala nthawi yomweyo, osayamba mwapita kwa wolemba hirizi.

Chachiwiri ndi chiwalo chija chili kuseri kwa chifu, chimene madokotala amachitcha pancreas, chopanga madzi ogaya zakudya ndi insulin yotsitsa shuga. Mwa ana ena chimatupa, ndipo mwana amamva kupweteka kwambiri m'mimba cham'mwamba mpaka kumsana, namasanza. Musanene kuti ndi njoka zam'mimba. Insulin nayenso angachepe, ndipo popeza prednisolone amakwezanso shuga, mwana angayambe ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Kawirikawiri shuga ameneyu amatsika mankhwala akatha.

Chachitatu, popeza mankhwalawa ndi puloteni yachilendo yochokera ku mabakiteriya, thupi la ana ena limawaukira. Ziwengo, kutupa milomo ndi kubanika zingabwere jakisoni atangobayidwa. Ndicho chifukwa chake anamwino amati mudikire kaye asanakuloleni kuchoka. Mwana wotere angathe kusinthidwira ku asparaginase wa mabakiteriya ena otchedwa Erwinia. Amoniya uja nayenso akachuluka amachititsa mwana kusinza ndi kusokonezeka, ngakhale kuti kawirikawiri chiwindi chimamuchotsa.

Ubwino wake ngwakuti asparaginase saononga kwambiri mafuta a m'mafupa, ndipo kuthothoka kwa tsitsi kumachokera kwa anzake aja. Anzakewo amatsitsanso asilikali a m'thupi, motero mwana wa pachithandizo chimenechi akatentha thupi, usiku kapena usana, musamupatse panado n'kudikira kuti kuche. Pitani naye kuchipatala chapafupi ndi buku lake, mukanene msanga kuti ali pa mankhwala a khansa.

YANKHO KWA ATSIBWENI

Tsono tibwerere ku funso lija. Atsibweni anaganiza mwanzeru ndithu, koma anaphonya pamodzi. Asparagine ndi mmodzi wa aja thupi limadzipangira lokha. Mukammana mwana usipa, maselo ake abwino apangabe asparagine ndi kumutulutsira m'magazi, ndipo thupi lidzayamba kudya minofu yake kuti lipeze ma amino asidi. Khansa idzadyabe, wowonda ndi mwana. Chimene chimauma magazi gwa ndi mankhwala okha, chifukwa amaphwanya asparagine yense, wochokera m'mbale ndi wopangidwa m'thupi yemwe. Pa chifukwa chomwecho, mbale ya nandolo siingafooketse jakisoni.

Kunyentchera ndiye mdani weniweni. Kafukufuku amene anachitika ku Gulupu komweko, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti ana oposa theka ofika ndi khansa amakhala atanyentchera kale. Mwana wotere sapirira mankhwala amphamvu, ndipo matenda ena amamugwetsa msanga. N'chifukwa chake kuchipatala amapereka chiponde ndi phala la Likuni. Kunyumba mupatseni usipa, utaka, mazira ophika bwino, phala la nsinjiro, nandolo, mkaka wowiritsa ndi zipatso zotsuka, ndipo madzi akhale owiritsa. Chakudya chimaletsedwa pokhapokha adokotala atanena, monga pamene chiwalo chija chatupa.

Za kufunga, malamulo a dini yathu ngomveka. Mwana amene sanathe msinkhu sanalamulidwe kufunga. Ndipo mu Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, Allah anapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule nadzabweze masiku ena, natiuzanso kuti Iye amatifunira zopepuka. Funga ndi ibada, ndipo malipiro ake ali kwa Allah. Tisaisandutse chida chozunzira mwana wodwala. Wachinyamata kapena wamkulu amene ali pa chithandizo chotere nayenso amasule popanda manyazi.

KODI NDI HALAAL?

Ena amafunsa ngati mankhwalawa alibe zonyansa. Asparaginase amachokera ku mabakiteriya olimidwa m'fakitale ndipo amayeretsedwa. Sachokera ku nkhumba kapena ku magazi a nyama. Pamene funso lenileni lingabuke ndi pamene magazi aundana, pakuti mankhwala osungunula magazi otchedwa heparin kawirikawiri amapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhumba. Apa maulama amagwiritsa ntchito lamulo la dharura, loti munthu wosimidwa, amene moyo wake uli pangozi ndipo palibe china cholowa m'malo, alibe tchimo. Maziko ake ali mu Surat Al-Baqarah ndime 173. Funsani adokotala ngati pali mankhwala ena, koma akati palibe, musakane. Kuthiridwa magazi nakonso, kumene ana amenewa amakufuna kawirikawiri, n'kololedwa, ndipo wopereka magazi wachita sadaka yaikulu.

Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anatiphunzitsa kuti matenda aliwonse amene Allah anatsitsa anawatsitsira ndi mankhwala ake, ndipo anauza munthu wa ngamira kuti ayambe waimanga, ndiyeno ayedzamire kwa Allah. Amene anabisa mankhwala m'magazi a mbira ndi m'kachilombo kosaoneka ndi Iye yemweyo. Duwa ipite ndithu, ndi jakisoni apitenso.

UDINDO WATHU

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka sakwana 30. Mu 2018 bungweli linakhazikitsa cholinga choti pofika 2030 ana 60 mwa 100 azipulumuka padziko lonse. Pa khansa ya m'magazi imene tikukambayi, kumayiko olemera amachira pafupifupi 90 mwa 100. Kwathu kuno madokotala sanakhale manja lende. Mu 2013 Dr George Chagaluka, Professor Elizabeth Molyneux ndi anzawo a ku Blantyre ndi ku Newcastle ku England anafalitsa lipoti la mmene anayambira kuchiza khansa imeneyi ku Gulupu ndi ndondomeko yolingana ndi mphamvu za dziko lathu. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Kamuzu Central, ana a khansa amathandizidwanso.

Pali zinthu zitatu zimene zili m'manja mwathu.

Choyamba, kufika msanga. Mwana wotentha thupi masabata awiri, woyera zikhatho, wotuluka kamfuno, wa anabere otupa, amene mankhwala a malungo sakumuthandiza, pemphani kuti amuyeze magazi onse.

Chachiwiri, kusathawa. Pakatha mwezi woyamba ana ambiri amaoneka ngati achira, masaya atadzaza chifukwa cha prednisolone, ndipo apa mpamene mabanja ena amalekera. Maselo a khansa otsala obisala amaphukanso, ndipo ulendo wachiwiri amakhala ouma mutu. Ambiri salekera dala ayi. M'chipatala cha boma chithandizo salipiritsa, koma ya minibasi kuchokera ku Makanjira kapena ku Namwera mpaka ku Blantyre, ulendo ndi ulendo kwa zaka ziwiri, imamaliza mbuzi zonse m'khola, ndipo mayi akakhala kuchipatala kumunda kumamera thengo. Mutu umodzi susenza denga. Makomiti a mizikiti aganizire mabanja otere pogawa zakaat ndi sadaka, achinyamata akawalimireko, amayi a dawa akawaonereko ana otsala pakhomo.

Chachitatu, kusagula mankhwala amenewa m'njira zachidule. Asparaginase amafuna kusungidwa m'firiji, ndipo akatenthedwa amatha mphamvu. Mu January 2023 atolankhani a bungwe la Bureau of Investigative Journalism ku London anaulula kuti mitundu ina ya asparaginase yosakwanira mlingo inagulitsidwa kumayiko oposa 90. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wina akakulonjezani botolo lochokera kunja, kapena ufa woti umapha khansa ndi njala, yambani mwakaonetsa adokotala a mwana wanu.

Zonsezi ndinakazifotokoza kwa atsibweni aja titakhala pansi pa mtengo wa mango, bambo a mwana ali pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto, nandifunsa kawiri za khomo la dimba lija. Pomaliza anati, "Mwalimu, ndiye kuti njalayo njochokera m'botolo, ife yathu ndi kudyetsa." Loweruka lotsatira iwo omwe ndiwo anakwera minibasi pa msewu wa Midima atanyamula usipa ndi nsinjiro.

Mnyamatayo tsopano ali kunyumba, akumwa mapiritsi ake tsiku ndi tsiku ndipo amapita ku Blantyre pa masiku amene anamulembera. Ulendo ukadali wautali ndipo mathero ake akudziwa ndi Allah. Anzake awiri amapita kwawo madzulo kukabwereza naye Juzu Amma, ndipo ndinawauza kuti amene ali ndi chimfine, chikuku kapena katsabola asapiteko. Mukamakweza manja pambuyo pa swala, mumukumbukire iye ndi ana onse amene agona m'zipatala zathu.

Allah awachize odwala athu, awapatse kupirira owadikira, ndipo awalipire zabwino madokotala ndi anamwino. Aamiin. Mafunso anu pitirizani kutumiza kudzera kwa mkonzi, ndipo tidzakumananso m'kope likudzali, Insha Allah.

Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakaatuh.

Mwalimu wanu,
Nkando, Mulanje.